Chimanga Chofiira cha Azakhali a Felesiya

Mpaka lero fungo la chimanga chopserera limandiimitsa panjira. Ndikamadutsa pamsika wa pa Boma, chimanga china chikaiwalika pamakala, mtima umabwerera ku dzinja lija ndili kamtsikana kosatha n'kumanga chitenje komwe, nkhondo ya Apwitikizi ikulira kuseri kwa mapiri athu.

Mudzi wathu unali pafupi ndi malire. Kwa ife malirewo sanali kanthu, chifukwa tsidya lija kunali abale, minda ndi maliro omwe tinkapitako wapansi. Koma anthu a ku Mozambiki anali atamanga mfundo yoti atsamunda achoke, ndipo mizinga inkagunda ngati mabingu opanda mvula. Poyamba tinkathawira m'nyumba. Kenaka tinangotopa nazo. Nkhuku zinasiya kudzidzimuka, nafenso tinasiya. Amayi ankangoyang'ana madzi a mumtsuko akunjenjemera, n'kupitiriza kusinja.

Azakhali a Felesiya, mlongo wawo wa abambo, anakwatiwa tsidya lomwelo. Anatulukira kwathu masana ena otentha mvula isanagwe, mapazi atang'ambika, thumba lili pamutu. Kuphiri la kufupi ndi kwawo kunamenyedwa nkhondo yaikulu, ndipo itatha asilikali a atsamunda anatsikira m'midzi kukaotcha nkhokwe, ati anthu ankadyetsa ankhondo a m'tchire. Amuna onse anakwezedwa m'galimoto. Mmodzi mwa iwo anali a Zuze, amuna awo a azakhali, munthu wamtali woseka ndi mapewa, amene ankatibweretsera buledi wolimba wa kwawoko. M'thumbamo munali zimene azakhali anapala paphulusa la nkhokwe yawo: chimanga chofiira cha makolo a a Zuze, chomwe kwathu kunalibe.

Fungo lake linalowa paliponse, m'mabulangete, kudenga, m'tsitsi mwathu momwe. Tsiku ndi tsiku azakhali ankakhala pakhonde ndi lichero, kusankha maso a chimanga amene moto unangowanyambita. Kulira sankalira, ndipo zimenezo n'zimene zinkalemetsa nyumba yonse. Munthu wolira umadziwa pomugwira.

Uthenga unabwera ndi a Jafali, Msilamu wogulitsa mchere panjinga, amene ankayenda mbali zonse za malire. Anati mwa amuna okwezedwa m'galimoto ija palibe anaonekanso. Abambo ndi akuluakulu anakhala pansi. Kwathu munthu akafera kosaoneka mtembo, amadula thunthu la nthochi n'kuliika m'manda m'malo mwake, kuti maliro alirike, wamasiye amete, moyo upitirire. Abambo anali atasankha kale nthochi ya kuseri kwa bafa.

"Achimwene, nthochiyo isiyeni," anatero azakhali, osadzutsa mutu palichero. "Ndibzala mbewu yawoyi. Ikamera, ali moyo. Ikakana, mudule."

Abambo anati ayankhe, amayi anawaponda chala. Aliyense pakhomopo ankadziwa, ngakhale ine kamwana, kuti mbewu yolawa moto simera.

Mvula yoyamba itagwa, abambo anawadulira azakhali kachigawo ka munda kumunsi kwa chitunda, ndipo azakhaliwo anabzala okha, osalola wina kuwathandiza. M'mawa mwake, azakhali atapita ku Misa, amayi anandikoka dzanja. Nkhungu inali itatsika m'phiri moti mutu wa mzere sunkaoneka. Pansonga ya chitenje chawo amayi anali atamangapo mbewu yathu yoyera, ndipo phando lililonse la azakhali ankalifukula ndi chala, kuponyamo maso awiri, n'kukwirira ndi chidendene.

"Tikupakiza," anandiuza. "Pakamwa potseka."

Kupakiza kwanji mbewu isanamere n'komwe? Sindinafunse. Ndinkangofufuta mapazi athu ndi nthambi pambuyo pawo.

Chimanga chinamera, ndiye kumera kwake kochita kunyada. Azakhali anapalira, anabandira, anathamangitsa akhwangwala ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Dzinja limenelo linali lalitali zedi. Zovala sizinkauma, nkhuni zinkangofuka utsi, ufa unachepa mpaka tinkagonera nkhwani ndi mbatatesi zazing'ono ngati mazira a njiwa. Mizinga nayo sinapume. Anthu othawa ankadutsa pamsewu ndi mphasa ndi mbuzi, ndipo madzulo aliwonse azakhali ankaima m'mphepete mwa munda wawo, kuwerenga nkhope za odutsa.

Ine ndinadana nacho chimanga chimenecho. Chikamakula, mtolo wanga unkakulanso. Azakhali akandiitana kuti andiluke tsitsi, ndinkakhala pakati pa miyendo yawo khosi lili gwa, kuopa kuti zala zawo zimva zimene zili m'mutu mwanga. Nthochi ija inangoima kuseri kwa bafa, ndipo tonse tinkaidutsa osaiyang'ana.

Ndevu za chimanga zitauma, Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, azakhali anatiitanira tonse kumunda. Anathyola chisononkho choyamba n'kuyamba kusenda makoko pang'onopang'ono, limodzi limodzi. Chinatuluka choyera mbee, chopanda diso lofiira ngakhale limodzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinagwira chitenje cha amayi, kudikira mkuwo. Koma azakhali anangotembenuka.

"Alamu, munabzala bwino," anatero kwa amayi. Kenaka anayang'ana abambo. "Achimwene, chikwanje chija chili kuti? Ndatopa."

Thunthu la nthochi tinaliika sabata yomweyo, litakulungidwa mu nsalu yoyera. Pamenepo m'pamene azakhali analira, kulira kochokera pansi pa mimba, mpaka mawu anatha. Atawameta, mutu wawo unaoneka waung'ono ngati wa mwana. Anthu obwera kudzakhuza anadya chimanga cha m'munda womwe uja.

Patapita nthawi atsamunda anachoka, ndipo ng'oma za ufulu tinazimva kuchokera tsidya lija. Ambiri anabwerera kwawo. A Zuze sanabwere, ndipo chimanga chofiira chija sindinachionenso pena paliponse.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tinawanamiza azakhali, ndipo tsiku lija anatigwira. Lero, nditalima zaka zanga ndi kuika anthu anga, ndikudziwa kuti mayi wogwira khasu kuyambira ubwana sadikira kusenda makoko kuti azindikire mbewu yake. Azakhali anadziwa kalekale kuti mbewu yawo sidzamera, mwina adakali palichero paja. Ankangopempha dzinja limodzi loti akhalebe mkazi wa a Zuze, ndipo amayi anawabzalira.