Kaseti ya Amalume Kudimba

Dzulo ndinapeza chikuto cha kaseti pansi pa sutikesi, mkwiyo wakale n'kundibwerera. Ana anga amakana zoti amalume anali ndi bandi, ati pafoni sikupezeka. Ipezeka bwanji?

Anali amuna anayi a ku Mvera, magitala a zigubu, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Anajambula kaseti imodzi yokha pa wailesi yobwereka, ndipo amalume anadzaisungitsa kwathu poopa kuti ana awo aiwononga. Ine ndinkaimvera mpaka mabatire kutha.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinaona chinthu chikunyezimira kudimba. Amayi anali atasolola tepi yonse n'kuimanga pa timitengo pamwamba pa nazale ya mpiru.

"Amayi, nyimbo za amalume zimenezo!"

"Nanga m'nyumbamo zimagwira ntchito yanji? Pano zikuopseza mbalame."

Ndinathamanga kukawaitana amalume. Anafika n'kungoima, manja m'chiuno, fungo la manyowa lili guu. Mphepo inawomba, tepi ija n'kuyamba kulira. Mpheta ziwiri zinatera pansi pake penipeni n'kumajompha mbewu mosatekeseka.

Amalume anapukusa mutu.

"Zaka zinayi tikuimba, alongo. Mukanaimanga bwino, bola ikanathamangitsako mbalame."