Wapamphuno Saimbidwa

Tsiku limene Tavoris Pettway anakhazikidwa pa benchi, palibe amene anamumvera chisoni. Anaziputa yekha.

Pa koleji yathu yaing'ono ku Mississippi kuno, Tavoris ankasewera mpira wonyamula m'manja, wogundana ndi kugwetsana, ndipo malo ake anali a pamphuno. Wapamphuno amaima pakatikati pa mzere wotchinga, mphuno ndi mphuno ndi adani. Ntchito yake ndi kukakamira anthu awiri nthawi imodzi kuti mnzake wa m'mbali apeze mpata wokagwetsa woponya mpira.

Wa m'mbaliyo anali Jaquez, mnyamata waliwiro, wokonda kudzionetsa. Akagwetsa munthu, bwalo lonse linkaimba dzina lake. Tavoris ankadzuka pansi udzu uli m'kamwa, wopanda womuuza ngakhale zikomo.

Nsanje inamudya. Loweruka lina masana anasiya malo ake n'kuthamangira yekha woponya mpira. Osadziwa kuti mpirawo waperekedwa kale kwa wina, amene anangodutsa pakhomo losiyidwa pululu lija mpaka kukagoletsa. Tinagonja.

"Ukufuna kutchuka eti?" anatero Kochi Ledbetter. "Katchuke pa benchi. Nyengo ya mpira ikatha udakali pomwepo, sukulu uiwale."

Tavoris anali wamasiye, ndipo mpirawo ndi umene unkamusunga pa koleji. Kwawo kunkamudikira fakitale yososola nkhuku, kumene azakhali ake anatherako zala.

Sanathawe. Mmawa uliwonse ankakankha chitsulo cholemera chimene osewera amalimbitsira thupi, pa dzuwa la kuno losaseka ndi munthu. Sindikunamizani kuti mtima unayera ayi. Akamva atsikana akutchula Jaquez m'chipinda chodyera, ngakhale mlamba wokazinga unkamuwawira m'kamwa.

Koma taonani. Amene analowa m'malo mwake ankagwirika ndi munthu mmodzi, wachiwiri uja n'kupita kukatchinga Jaquez. Masewero anadutsa angapo Jaquez osagwetsa aliyense. Nyimbo zija zii.

Tsiku lina Jaquez anamupeza Tavoris akumasula nsapato.

"Iwe Chimimba, ubwerera liti?"

"Bwanji, mafumu? Dzina lazilala?"

"Usandiseke, aise. Akumandigwira awiri."

"Awiri okha ukulira? Ine ndiye chakudya changa cha tsiku ndi tsiku."

Jaquez anakhala pansi pambali pake. "Ndawauza akochi. Popanda iwe ine ndine chabe."

Masewero otsiriza a nyengoyo, zinthu zitathina, kochi anamukodola. "Pettway! Lowa. Mupotoze."

Kupotoza ndiko kuti wapamphuno adzigwetsere dala pa anthu awiri, mnzake azungulire kumbuyo kwake n'kulowera pampatapo. Mpira utangoyamba, Tavoris anaona kanjira kopita kwa woponya mpira, koyera bwino, komukwana iye. Mtima unati pita. Anakukuta mano n'kudziponya pa awiri aja.

Ali pansi, bondo la munthu lili pakhosi, anamva bwalo likuphulika: "Jaquez! Jaquez!" Jaquez anali atagwetsa woponya mpira, ndipo Tavoris zinamupweteka ngati kale lomwe. Kochi anadza kwa Tavoris n'kumumenya pachisoti.

"Chaka chamawa malo ndi ako. Usadzandichititsenso manyazi."

Tavoris anamaliza koleji, woyamba m'banja lawo, dzina lake lisanaimbidwepo m'bwalo muja ndi kamodzi komwe.

Inu amene mumasenza awiri kuti wina aombeledwe m'manja, nsanje ibwera ndithu, musadzinamize. Ilekeni iwawe, koma phazi lisachoke pamalo panu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Limbani mtima, musasiye khomo pululu.