Ulendo wa ku Senga Bay ndi Chipeso M'chikwama

Ndinanyamuka ku Kawale Lachinayi m'mawa, sikisi koloko isanakwane. M'chikwama munali zitenje ziwiri, sopo, mafuta odzola ndi chipeso chakale chamtengo chomwe ndasunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mwana wanga Asiyatu anali atachira masabata atatu apitawo ku Senga Bay, komwe anakwatiwa. Anabereka mwana wamkazi, mdzukulu wanga woyamba. Sindinapite msanga chifukwa bondo langali linatupa, koma dzulo lake mkamwini wanga Yusufu anandiimbira foni.

"Amayi, musadandaule, onse ali bwino. Mwana akunenepa, kusikelo anamuyamikira. Kungoti mayi akeyo sakuyankhula kwenikweni. Amangoyang'ana kukhoma."

"Akudya?"

"Pang'ono. Amayi kuno akuti ndi ulemu wa uchembere, zitha zokha."

Mawu amenewo ndinawamvapo kale, ndipo nthawi imeneyo ankanena ine. Ndinamanga bondo lija ndi kansalu n'kuyamba kulongedza.

Kudepoti, minibasi ya ku Salima inali itatsala "anthu awiri okha", monga mwa masiku onse. Anthu awiriwo tinawadikira ola lathunthu. Kondakitala anati teni sauzande. Nditamuuza kuti ulendo womwewu ndinkayenda ndi ndalama yomwe lero singagule ngakhale mandasi, anandiyankha mwaulemu ndithu: "Mayi, nthawi imeneyo ine ndinali ndisanabadwe, ndiye mlandu umenewo usagwere ine." Ndinalipira ndikung'ung'udza, poti kung'ung'udza n'kwaulere.

Pafupi nane panakhala mayi wina wogula nsomba, madengu ake opanda kanthu atamangidwa kumbuyo koma fungo lake lili nafe. Titadutsa Kanengo anandifunsa komwe ndinkapita.

"Kukaona mwana," ndinatero.

"Zosangalatsa. Wabadwa liti?"

"Amene ndikukamuonayo anabadwa kalekale. Ndi amene wabereka."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka n'kunena kuti agogo a masiku ano ndi ovuta. Sindinamutsutse.

Pa Chezi tinaima kanthawi. Tomato, anyezi ndi nthochi zinalowera pawindo mwini asanazifune, ine n'kugula chimanga chootcha chomwe chinandikumbutsa kuti mano anga si akale aja. Cha m'ma hafu naini tinafika pa Mvera, kwathu kwenikweni. Pamenepa ndi pomwe ndinakumana ndi malemu amuna anga, a Saidi, amene ankakwera mapiri onsewa panjinga kudzagulitsa utaka. Anali ndi nthabwala, ndipo nsomba zanga ankaziwonjezera mpaka mayi anga anayamba kukayika. Ndinatsika nawo kunyanja ndili ndi zaka makumi awiri, mtsikana wa kumapiri wosadziwa kusambira. Kuyambira pa Mvera msewu umayamba kutsetsereka, makutu amatseka, mphepo yozizira imatsalira kumbuyo ndipo malambe amayamba kuoneka. Kale ndikafika pamenepo mtima unkadumpha ndi chimwemwe. Tsiku limeneli unkangogunda.

Ndifotokoze zomwe ndinkaopa, poti msewu wa kutsetsereko ndi wautali. Nditabereka Asiyatu, apongozi anga anandisamala bwino kwambiri, Mulungu awagoneke pabwino. M'chikuta ankandiphikira phala la mpunga, kundithowa ndi madzi otentha, osandilola kugwira ngakhale tsache. Mchombo utagwa anamutulutsa mwana, anamumeta, a Shehe n'kumupatsa dzina. Kenaka anayamba kubwera alendo. Mwambo wake mukuudziwa: mlendo akangokhala pamphasa amatambasula manja, "Tabweretsani timuone," ndipo amamuyangata, kumuseketsa, kukangana za mphuno kuti ndi ya ndani. Mphatso zonse ndi za mwana. Mayi amafunsidwa funso limodzi lokha, loti mkaka ukutuluka kapena ayi.

Ine mkaka unkatuluka, choncho ndinali bwino. Koma tulo sindinkaliona ngakhale mwana atagona. Misozi inkangobwera popanda wondiputa. Mwana akalira, ndinkamva ngati akulira kwa aneba. Ndinkamuyang'ana n'kudikira chikondi chomwe amayi onse amanena, osabwera, ndipo ndinadziweruza ndekha kuti ndine munthu woipa amene mwanayu akanakhala bwino popanda ine. Apongozi ankauza anthu monyadira kuti mpongozi wawo ndi wofatsa, sayankhulayankhula. M'mawa wina ndinapita naye kugombe, ndinamugoneka pamthunzi pansi pa thandala loyanikira usipa, ine n'kulowa m'madzi ndi zovala. Ndinafika madzi a m'chifuwa. Mayi wina amene ankatsuka mapoto chapafupi anandikuwira kuti, "Inu a kwa Saidi, kumeneko n'kozama, tabwerani mundisenzeko." Ndinabwerera, ndinamusenza beseni lake, n'kumuuza kuti ndimasamba. Sanandifunse kanthu, koma anakauza anesi a pachipatala chathu chaching'ono.

Anesiwo anali Mayi Mhango, munthu wa kumpoto, wamfupi, wa mawu okuluwika ngati a bambo. Anafika Lachisanu masana amuna atapita kumzikiti, njinga yawo ikulira ngati ikudandaula. Apongozi anathamangira kuwapatsa mwana. Iwo sanatambasule manja.

"Ameneyo ndinamuona kusikelo, ndipo ali ndi anthu ambiri. Ine ndabwerera uyu."

Anandivula mpango n'kupeza tsitsi lomwe silinaone chipeso chibadwire mwana. Anatulutsa chipeso m'chikwama chawo, anandikhazika pansi pakati pa mawondo awo n'kuyamba kundipesa. Munthu wokupesa sumuona nkhope, ndiye manyazi amachepa. Asanamalize mbali imodzi ndinali nditawauza zonse, za thandala zomwe. Sanadzidzimuke. Anati amenewo ndi matenda, amagwira amayi ambiri akabereka, si ufiti, si ulesi, si kuipa mtima, ndipo amachizika. Anapita nane okha kwa adokotala kuboma komwe ndinalandira mankhwala. Analamula apongozi kuti mwana azigona kwa iwo, azindibweretsera poyamwa pokha. A Saidi anawauza kuti asamandisiye ndekha. Ankabwera Lachisanu lililonse kwa miyezi inayi, ndipo tsiku lomaliza anandisiyira chipeso chija. Apongozi anatha mwezi wathunthu akunena kuti sanaonepo nesi wodana ndi ana ngati ameneyo.

Nkhani imeneyi Asiyatu sankaidziwa. A Saidi anapita nayo kumanda, ine ndinasamukira nayo ku Lilongwe n'kuikwirira pansi pa mabelo a kaunjika amene ndimagulitsa. Mwana wako ungamuuze bwanji kuti tsiku lina unamusiya pansi pa thandala? Njira yonse ndinkadzifunsa ngati angadzandiyang'anenso ngati mayi ake. Koma ndinkadziwanso kuti ndikapanda kuyamba ine, iye sanena kanthu, ndipo nyanja ili pomwe inali.

Pa Salima boma tinafika cha m'ma hafu teni, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mangawa ndi munthu. Njanji ili pomwepo, koma timasitolo tambiri sindinatidziwe, ndipo pomwe tinkamwera tiyi ndi a Saidi pano amagulitsapo mafoni. Akabaza anandizungulira, aliyense akunditcha amayi ake. Ndinamwa thobwa lozizira la m'botolo, kenaka ndinakwera kagalimoto ka ku Senga Bay ka anthu asanu ndi awiri, momwe tinalowamo khumi ndi mmodzi ndi thumba la simenti. Tinawoloka Mpatsanjoka, tinadutsa minda ya mpunga ndi ogulitsa ziboliboli, ndipo fungo la nsomba zouma litayamba kulowa pawindo ndinadziwa kuti ndafika kwathu kwachiwiri.

Sindinalunjike kunyumba. Ndinatsikira pachipatala chija. Anachikulitsa, anachipenta, koma mtengo wa mango womwe tinkapachikapo sikelo ulipobe, ndipo pansi pake panali amayi angapo otsalira akumanga ana kumbuyo. Ndinafunsa za Mayi Mhango kwa nesi wachitsikana amene ankalongedza mabuku.

"Sindinawapeze, amayi. Akuti anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, ndipo anamwalira komweko. Koma amayi akuluakulu kuno amawatchulabe."

Ndinakhala pabenchi kaye. Zaka zonsezi ndinkati ndidzawalembera kalata, ndipo sindinalembe. Zinandipweteka kwambiri.

Nesiyo anakhala pambali panga osafulumira, ndipo ndinamufotokozera za Asiyatu. Anamukumbukira. Anati kusikelo amene anabwera ndi mwanayo anali apongozi a Asiyatu, mayi anatsala kunyumba, ndiye sanathe kumufunsa mafunso omwe masiku ano amafunsa amayi, a tulo, kudya ndi maganizo.

"Ndibwera mawa m'mawa ndidzacheze naye payekha, ndipo zikafunika tidzapita naye kwa adokotala. Koma akakuuzani zofuna kudzipweteka kapena kupweteka mwana, musadikire mawa, mubwere naye lero lomwe. Ndipo asakhale yekha."

"Chipeso muli nacho?" ndinamufunsa.

Anadabwa, n'kugwira tsitsi lake. Ndinamuuza kuti asadandaule, ndabweretsa changa.

Kunyumba ndinafika azana yoitanira mapemphero a masana kumzikiti itangotha. Asewere anga, mayi ake a Yusufu, anandilandira ndi manja awiri, anandiyalira mkeka pakhonde n'kundipatsa madzi. Tisanamalize malonje anali atalowa kale m'nyumba n'kutuluka ndi kamtolo ka m'shawelo yoyera.

"Nayu mkazi mnzanu, asewere. Mashallah, taonani masaya."

Ndinaona kaphazi kokha katatuluka m'shawelo, tizala tosanjikana ngati ta a Saidi. Manja anga anafuna kupita okha. Ndinawapanikiza pakati pa mawondo.

"Mugwireni kaye, asewere. Ndiyambe ndaona wanga."

Amayi awiri apafupi amene anabwera kudzandilonjera anayang'anizana. Asewere anabweza mwanayo pachifuwa pawo pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, za ku Lilongwe ife sitizidziwa." Ndinadziwa kuti pofika madzulo mudzi wonse ukhala utamva za gogo wokana mdzukulu.

Asiyatu ndinamupeza atakhala pamatiresi, msana kukhomo. Anandipatsa moni ndi mawu a munthu wolonjera mlendo. Anali ataonda, milomo itauma. Ndinamuvula mpango, ndipo tsitsi linali lomwe lija, lopiringizana ngati ukonde wosiyidwa pamchenga. Ndinakhala pampando, ndinamukokera pakati pa mawondo anga, bondo lotupa lomwe, ndinadzola mafuta m'manja n'kuyamba kuchokera kunkhongo.

Ndinapesa nthawi yaitali. Kenaka ndinayamba ine kuyankhula. Ndinamuuza za tulo, za misozi, za kulira kwake komwe ndinkakumva ngati kwa aneba. Za thandala nazonso ndinanena. Khosi lake linauma m'manja mwanga. Ndinadikira kuti adzuke achoke.

"Amayi, inunso?"

"Inenso, mwanangu."

Analira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Atapuma anati amaopa kumusambitsa mwanayo yekha, ndipo sanauze aliyense poopa kuti amulanda. Ndinamufunsa mosazungulira ngati anaganizapo zodzipweteka. Anati ayi, koma amalakalaka atangogona osadzuka msanga. Ndinamuuza za anesi obwera mawa, ndi kuti matendawa ine ndinachira.

"Nanga tsiku limenelo munabwerera chifukwa chiyani? Munandikumbukira?"

Ndikanatha kunama, ndipo bodza lake likanakhala lokoma.

"Ayi. Chikondi chinabwera pambuyo, nditachira, ndipo sichinachokenso. Tsiku limenelo ndinabwerera chifukwa munthu wina anandiitana. N'zomwe ndadzera, kudzakuitana iwe."

Anatsamiritsa mutu pabondo langa lotupa lija, ndipo sindinalisunthe. Patapita kanthawi anati, "Anesiwo akabwera mawa, musatuluke." Ndinamuluka mizere isanu ndi umodzi, ndipo ndisanamalize womaliza anali atagona.

Mdzukulu wanga ndinamuyangata cha m'ma folo koloko. Asewere anandipatsira akuyang'ana kumbali, ndipo ndikudziwa kuti adzatha mwezi akundinena, monga anachitira apongozi anga kwa Mayi Mhango. Ndawakhululukira kale, poti mwanayo amamukondadi ndipo usiku womwewo anavomera kugona naye. Kwathu kuno mwana wakhanda sasowa manja. Amene amawasowa ndi uja wakhala kuseri kwa chitseko, yemwe tikumuyamikira kuti ndi wofatsa. Nanunso mukadzapita kukaona mwana, sopo ndi matewera tengani, koma mudzayambe mwamuvula mpango mayi wake.