Malo Omanga Tenti Pamwamba pa Malindi

Ababa anali msodzi ku Malindi moyo wawo wonse, mpaka matenda ofa ziwalo anawagwira ndipo mwendo wakumanja unayamba kukokera pansi. Mapiri a kumbuyo kwa mudzi ankawadziwa kuchokera pa nyanja pokha. Akalunjikitsa nsonga ina ndi denga la tchalitchi ankadziwa kuti afika pamalo a utaka. Koma anali asanakwereko.

Chaka china m'nyengo yozizira, sukulu zitatsekera, achimwene anabwereka matenti ndi pikapu ya mnzawo kuti tikagone kumapiriko, m'nkhalango yotetezedwa ndi boma momwe alendo amaloledwa kumanga misasa. Tinalipo ine, ana anga awiri, ababa, achimwene ndi akazi awo. Alamu angawo ndi Msilamu wa kwa Mponda, amagulitsa nsalu mumsika wa Mangochi, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndisanawazolowere.

Titafika, mlonda anatiuza kuti tiyendere malo tokha n'kusankha. Ababa tinawasiya m'galimoto.

Malo oyamba anali pafupi ndi chipata, pomwe anyamata ena ochokera m'tauni anali atatsegula nyimbo ndi mabotolo. Sitinayime n'komwe. Achiwiri anali pamwamba penipeni, pa thanthwe. Nyanja yonse inali pansi pathu, ndipo achimwene anayamba kale kuloza pokhoma zikhomo.

"Tabwerera izi," anatero. "Ababa aone chilichonse."

Ine ndinavomera. Alamu anayenda mpaka kumapeto kwa thanthwe, n'kusuzumira kuphompho, kenaka anayang'ana mwana wanga wamkazi wamng'ono amene ankathamangitsa buluzi. Atatero anafunsa komwe kunali chimbudzi. Chinali kumunsi, kudzera pa kanjira ka miyala yoterera.

"Ababa akafuna kukadzithandiza, adzawanyamula ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndidzawabereka ine," achimwene anatero.

"Mphamvu muli nazo. Koma kodi iwo adzakuuzani? Bambo amene amakana ngakhale kuwagwira dzanja pa khonde? Adzangosiya kumwa madzi kuti asavutitse munthu."

Achimwene anakwiya pang'ono, nati akazi amaopa zonse. Koma tinatsika nawo kukaona malo achitatu.

Anali osakongola kwenikweni. Bwalo lathyathyathya pansi pa mitengo ya masuku, mpopi pambali, ndi chimbudzi chapafupi. Nyanja inkangooneka pang'ono pakati pa nthambi. Alamu analowa m'chimbudzimo, anagwedeza chitseko, nayesa ngati khoma lingagwiridwe ndi munthu wofooka mwendo. Anayenda pabwalo akukoka phazi lawo dala, monga amayendera ababa, kuti amve pomwe pali mizu. Zitosi za anyani anazipeza chakumtunda, nati chakudya chizikhala m'galimoto. Anatsegulanso mpopi.

"Madziwa andithandiza nanenso posamba ndisanapemphere swala," anatero akumwetulira. "Musaganize kuti ndikuganizira ababa okha."

Tinamanga pamenepo. Ababa atatsika m'galimoto, alamu anangowauza kuti pamwamba pali mphepo yambiri, ana angadwale. Ababa anayang'ana bwalolo, anayang'ananso chimbudzi, ndipo sanafunse china. Madzulo amenewo anayenda okha ndi ndodo yawo uku ndi uku, anamwa tiyi makapu angapo, naphunzitsa ana kumanga mfundo ya ukonde pa chingwe cha tenti.

M'mawa mwake, dzuwa litatentha, tinawakweza kuthanthwe kuja pang'onopang'ono, achimwene mbali iyi, ine mbali inayo, tikupumira pamwala uliwonse. Atafika, ababa anakhala pansi n'kuyang'ana nyanja. Kenaka anakweza ndodo.

"Apo pakuda madzipo m'pamene ndinataya ukonde wanga woyamba wa chilimila. Uko ndi ku Lungwena, kumene mwera unatitaya ndi malemu amalume anu." Anaseka. "Kani kanali kamtunda kochepa chonchi? Ife tinkapalasa mpaka manja kutupa."

Ana anafunsa komwe kuli nyumba yathu, ndipo anawalozera denga la tchalitchi, laling'ono ngati bokosi la machesi. Alamu anali atagwira wamng'ono uja pa diresi nthawi yonseyo.

Potsika achimwene anaterereka pa kanjira ka miyala kaja n'kukhala pansi ndi matako. Anadzuka akuseka, nayang'ana akazi awo n'kupukusa mutu.

Ababa anakhala nafe zaka zina zingapo, ndipo aliyense wobwera kudzawazonda ankamva za ulendowo. Ine chimene ndinabwera nacho ndi mlamu. Masiku ano ndikapita ku boma sindidutsa msika osakhala pa benchi lawo, ndipo mwana wanga atakula, iwo ndi amene anandiperekeza kukaona hositelo yomwe ankakagona ku sekondale. Anayambira kuchimbudzi, n'kutsegula mipopi yonse.