Mboni Inali Apongozi Ake

Mwana wa mlongo wanga anamumanga chifukwa cha mbuzi imene mpaka lero palibe anaona ngakhale chikopa chake. Anali mkamwini kumudzi wina kufupi ndi Muloza, kumalire a Mozambiki, bambo wa ana awiri, wosamwa, wosayankha akulu. Kusayankhako ndi kumene kunatsala pang'ono kumugonetsa kundende.

Ine ndimagulitsa misomali, zingwe ndi zipangizo za njinga pa Chinakanaka. Anthu amati sindichedwa kupsa mtima, ndipo sindikana. Koma mtima wanga umapsa ndikaona chinthu chimene ena akunamizira kuti sakuchiona.

Mphwangayu atakwatira ndinamuchenjeza. Ndinati pamunda wa eni udzale chimanga ndi nandolo, kuti tsiku lochoka uchoke wopepuka. Iye anadzala nanazi chitunda chonse, mapeyala m'malire, n'kuwotcha njerwa, n'kufolera malata. Nanazi atayamba kubereka, ogula n'kumaima ndi magalimoto pamsewu, mbuzi ya malume a mkazi wake inasowa. Inu muziti zinangokumana. Ine ayi.

Tsiku loyamba la mlandu ndinavala jekete. Kwathu kuno mwana akapalamula amene amayankhula ndi malume ake, ndiye mawu ndinali nditawakonza kale panjira. Khotilo linali chipinda chamabenchi olimba. Pamwamba panakhala majisitireti, mayi wamng'ono ndithu pa ine. M'munsi mwake munali kalaliki, amene ankamasuliranso Chingerezi. Kumbali kunali wapolisi woimira boma, ndipo mphwanga anali m'kabokosi kamatabwa, yekhayekha, wopanda loya.

Atamuwerengera mlandu n'kumufunsa ngati akuvomera kapena kukana, iye anatembenuka kuyang'ana ine. Ndinaimirira.

"Bwana, ine ndine malume ake a mwanayu, ndiye nkhaniyi mmene inayambira..."

"Khalani pansi, bambo," anatero kalaliki osakweza n'komwe mutu. "Muno mulibe malume."

Anthu anaseka. Ndinakhala, makutu akutentha. Mphwanga anakana mlandu ndi mawu a munthu wopempha madzi akumwa. Anamupatsa belo, n'kumulamula kuti asayandikire mboni, choncho anabwera kudzakhala kwa ine.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawayang'anitsitsa onse. Sukulu ndinafika nayo Folomu 4, ndiye Chingerezi cha majisitireti ndinkachitsata kuti ndimugwire kalaliki akamapotoza. Sindinamugwirepo, ndipo zimenezo zinangondiuza kuti ndi wochenjera. Wapolisi woimira boma uja ndinamuona panja akupereka moni kwa mwini mbuzi. Moni wake unatalika. Anafunsana za kunyumba, za mvula, mpaka kuseka. Ndinauza mlongo wanga, iye akuti anthu amapatsana moni. Ndinati inde, ngakhale afisi amapatsana.

Tsiku lachiwiri anayamba kupereka umboni ndi mwini mbuziyo, bambo wamtali woyankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Anati iye ndi maso ake sanaone kanthu, anachita kuuzidwa. Majisitireti anafotokozera mphwanga bwinobwino: mboni iliyonse ikatha kuyankhula, iwe uli ndi ufulu woifunsa mafunso, ndipo chimene sunachitsutse khoti lingathe kuchitenga kuti ukugwirizana nacho. Mphwanga anafunsa kafunso kamodzi kopanda mano, za mtundu wa mbuzi. Kenako wapolisi anati kwatsala mboni imodzi, imene inaona yokha mbuzi ikukokedwa m'mamawa, ndipo idzabwera tsiku lina. Anatchula mboniyo. Anali mlongo wake wa mwini mbuzi, mayi ake a mkazi wa mphwanga.

Mutu wa mphwanga unagwa. Ine ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira a kuphiri la Chambe pamsana.

Amene simunakhale pachikamwini mvetsani. Zaka zonse zija, mwanayu ndi apongozi akewo anali asanayang'anizane m'maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire. Sankadyera pamodzi. Mawu ankadutsira kwa mkazi wake, ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Tsono mudzi wonse uja, wa anthu olawirira kukathyola tiyi kusanache, palibe anaona mbuzi ikukokedwa koma munthu mmodzi yekha amene mphwanga sakanatha kumufunsa. Khoswe anamukhazika pamkhate dala.

Titafika kunyumba ndinamukokera kuseri kwa shopu.

"Tsiku akunenalo apongozi ako anali kuti?"

"Kumaliro a achemwali awo, ku Milanje, mbali ya Mozambiki. Anapita dzulo lake, anagona konko. Wa kabaza ndinawapezera ndine."

"Wa kabazayo ali kuti?"

"Akuti anapita kukalima mkati mwa Mozambiki. Foni yake sikupezeka."

"Anapita kapena anamupititsa?"

"Amalume, inunso."

"Ndiye ukawafunse wekha za malirowo."

Anakanda njerwa ndi chala. "Ndingayambe bwanji? Kumeneko ndi kuwatcha abodza pamaso pa anthu."

"Nanga ndi ndani? Mngelo?"

"Ndi agogo awo a ana anga. Mukawafunse ndinu."

"Unamva wekha. Muja mulibe malume."

Ndinamukalipira mpaka amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Ndinamuuza kuti mlandu wa chiweto si wa chindapusa cha nkhuku, ndi wa zaka. Ndinamuuza kuti ulemu sudzamupititsira chakudya kundende. Iye ankangoti ndamva, amalume, ndamva. Munthu wotere amakutopetsa kuposa wamwano, chifukwa alibe pomugwira.

Mlandu usanalowenso, mkazi wake anabwera ndi nanazi m'dengu. Anagwada bwino, anapereka moni bwino. Ine sindinadye. Ndinamufunsa mosazungulira kuti amutuma ndani.

"Palibe, amalume. Ndabwera kudzaona bambo a ana."

"Mayi ako anaona mbuzi?"

Anayang'ana pansi. Kenako anayankhula kwa mwamuna wake, osati kwa ine. "Mukawafunsa amayi pagulu, pakhomo paja simudzapondaponso. Mukapanda kuwafunsa, akumangani." Anakhuthula nanazi uja, anatenga dengu, n'kumapita.

Mpaka lero sindidziwa ngati anabwera kudzamuchenjeza kapena kudzamuopseza. Mawu ake anali olowa mbali zonse, ngati anthu osintha ndalama pa Muloza.

Tsiku la mboniyo anthu anadzaza. Mayiwo analowa atafunda chitenje mpaka kumutu. Anagwira Baibulo, analumbira, ndipo anafotokoza akuyang'ana pawindo: kunali kukucha, ndinatuluka panja, ndinaona mkamwini wanga akukoka mbuzi kulowera kumsewu. Mawuwo ankatuluka mondondozana ngati ndime yoloweza. Atatha, majisitireti anafunsa mphwanga ngati ali ndi mafunso.

Zii.

Anafunsanso. Mphwanga anali atazolika, manja kumbuyo. Ndinamva akuyamba, "Bwana, ine ndilibe..."

Sindikumbuka kuimirira. Ndimangokumbuka mawu anga akugunda malata. "Funsa, chitsiru iwe. Funsa za maliro."

Majisitireti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndikatsegulanso pakamwa ndikagona m'chitokosi. Mesenjala wa khoti anandigwira mkono n'kunditulutsa. Ndinazungulira kuseri, pomwe panali windo losweka galasi, n'kuimapo pakati pa maluwa ouma.

Ndinamva majisitireti akufunsa kalaliki chifukwa chake woimbidwa mlandu sakuyang'ana mboni. Kalaliki anayankha m'Chingerezi kuti ndi apongozi ake. Ndinamvetsera bwino, sanawonjezepo kanthu. Kenako majisitireti anauza mphwanga kuti: usayang'ane mboni, yang'ana kumene ukufuna, funsolo upereke kwa khoti, khoti likufikitsira. Mumtima ndinati akungofuna kuti zioneke zachilungamo asanamumange.

Mphwanga anatembenuka m'kabokosi muja mpaka anapereka msana kwa anthu onse. Anayang'ana khoma.

"Ndimapempha khoti lindikumbutse. Maliro a ku Milanje aja, amayi ananyamuka liti, nanga anabwerako liti?"

Wapolisi anaimirira kuti maliro sakukhudzana ndi mbuzi. Majisitireti anati mboni iyankhe. Kalaliki anabwereza funsolo, ngakhale aliyense anali atalimva.

Mayiwo anayang'ana kwa mchimwene wawo. Iye anali akuyang'ana nsapato zake. Majisitireti anawakumbutsa kuti agwira Baibulo. Poyankha, Chichewa chinawathawa, anayamba kusakaniza ndi Chilomwe ngati ali kumunda. Anati anagona kumaliro. Anati anabwerako dzuwa litapendeka.

"Nanga mbuzi munaiona bwanji ikukokedwa m'mamawa?" anafunsa majisitireti.

"Anandiuza ndi achimwene."

Anakoka chitenje n'kuphimba nkhope yonse. Mphwanga sanatembenuke mpaka mayiwo atatuluka.

Chigamulo chinabwera tsiku lina. Majisitireti anati mwini mbuzi akuti anauzidwa ndi mlongo wake, mlongo wake akuti anauzidwa ndi mwini mbuzi, ndipo palibe amene anaona kanthu. Anati mphwanga alibe mlandu woyankha, azipita kwawo. Mlongo wanga analira. Ine ndinkafuna kuona nkhope ya mwini mbuzi.

Ndinamupeza panja akusenda nthochi. Sanali wokwiya, sanali wamanyazi. Anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Zatha bwino, asewere. Boma lamumasula."

"Mbuzi yanu ili kuti?"

"Mbuzi zimasowa." Anataya khoko. "Koma mkamwini wovula apongozi ake pamaso pa anthu, kwathu sitinamuonepo."

Pamenepo ndi pamene ndinaona msampha wonse. Akanakhala chete, akanachoka pamunda paja kupita kundende. Wayankhula, achokapo chifukwa cha mwano. Mbuzi inali chingwe chabe. Ndinamugwira malaya bamboyo, ndipo akanapanda mlongo wanga kundikoka, ndikanalowa m'kabokosi muja tsiku lomwelo.

Mphwanga anapita kunyumba kwake m'mawa mwake. Anapeza zovala zake, khasu ndi wailesi zili m'matumba pansi pa mtengo wa mapeyala umene anadzala yekha. Tinaitanitsa ankhoswe. Kumeneko, mosiyana ndi kukhoti, malume analipo, ndipo ndinayankhula mpaka mawu anasasa. Ndinafunsa za wa kabaza, za umboni wabodza, za Baibulo. Anandisiya ndithe, kenako anati zonsezo ndi za kukhoti, ife tikukamba za ulemu. Mayi aja sanatuluke m'nyumba.

Pano mphwanga amakonza njinga pakhonde la shopu yanga. Mkazi wake amabwera Loweruka ndi ana, amachapa, amaphika, madzulo n'kubwerera kwawo. Banja silinathe, komanso silili pamodzi. Akandipatsa chakudya ndimadya, koma ndimamuyang'anabe. Wa kabaza uja anabwerako mlandu utatha, ali ndi matayala atsopano. Ena akuti anakolola bwino ku Mozambiki.

Nyengo ya nanazi, magalimoto ochokera ku Muloza amadutsa pa Chinakanaka atadzaza. Mphwanga amasiya ntchito n'kumawaperekeza ndi maso. Tsiku lina, galimoto itapita, anayankhula osandiyang'ana.

"Mukanandisiya, amalume, bwenzi pano nditatsala pang'ono kutuluka kundende. Ndikanabwerera kunyumba kwanga."

"Ukanapeza mwalowa wina."

"Mwina. Koma akanandilandira."

Ndinali ndi zambiri zomuyankha, zonse zowawa. Ndinangomuponyera sipanala kuti amange tayala la njinga imene ankakonza, poti mwini wake anali atayamba kale kudandaula.