Mawu Amene Ndinawonjezera pa Chiganizo Chachinayi

1. Za ntchito yomasulira imene ndinagwira ku Lundazi

Ndikulemba pofuna kudziwitsa aliyense amene nkhaniyi ingamukhudze kuti ine, amene ndimalembera anthu makalata pa boma la Lundazi, ndinalembedwapo ganyu yomasulira mafunso. Wondilembayo anali mtsikana wochita kafukufuku wochokera ku Lusaka. Iye ankayeza mmene amuna okonda amuna anzawo, ndi akazi okonda akazi anzawo, amadzidera okha mumtima. Pepala lake linali ndi ziganizo, chilichonse chili ndi mabokosi asanu, kuyambira "ndikukana kotheratu" kufikira "ndikuvomera kotheratu". Sanadziwe kuti ine ndine mmodzi wa anthuwo, ndipo sindinamuuze.

Tsiku lachitatu, m'chipinda cha kuseri kwa sitolo mmene tinkakumana mobisa, munalowa mayi wina wa ku Chikomeni, wogulitsa mtedza, kudzayankha mafunsowo. Mayiyu ankandidziwa. Ankadziwanso mwamuna wa ku Mphamba amene ndakhala ndikumuyendera pa njinga kwa zaka zambiri, ponamizira kukaona fodya.

Chiganizo chachinayi m'Chingerezi chinkangonena za kulakalaka kubadwa mosiyana. Koma ine ndinawerenga motere: "Ndimalakalaka nditachira matenda amenewa."

Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Adada, matendawo alembedwa papepalapo, kapena mwabwela nawo ndinu?"

Wofufuza anafunsa zimene mayiyo ananena. Ndinamuyankha kuti sanamvetse funso.

"Namvela bwino," anatero mayiyo. "Chongani kuti nakana. Ndipo muwauze asisi awa akupatseni pepala lanu, tikuikeni pa giledi monga fodya. Muzatuluka wapamwamba."

Zimenezinso sindinamasulire. Ndinachonga bokosi loyamba, ndipo cholembera chinaboola pepala.

Atatha mafunso, wofufuzayo anadandaula kuti akazi abwera ndithu koma amuna akusowa, nandifunsa ngati ndikudziwapo wina woti ayankhe, popanda kulemba dzina lake. Mapepala osalembedwa anali pa bondo langa. Ndinakonza tayi, ndi kuyankha mwaulemu kuti anthu otere sindiwadziwa. Mayiyo Chingerezi sachimva, koma anandiona ndikupukusa mutu. Anamanga chitenje chake, natsanzika kwa wofufuzayo yekha.

Pambuyo pake ndinalandira kalata yondithokoza, yonena kuti ndinali womasulira wokhulupirika ndi wosakondera. Ndikutsimikiza pano kuti mwa mapepala onse amene anapita ku Lusaka, langa mulibe.

Ndine wanu,
Womasulira uja.