Mtengo wa Thanga pa Damu la Luwawa

Ndiulule lero: ku Joni ndinkangothirira maluwa a mzungu. Za sitima za pamadzi ku Debeni, zimene ndakhala ndikusimba zaka zonsezi, ndi bodza.

Tsono Che Saidi, wogulitsa nsalu pa Boma, atabweretsa kabwato ku Luwawa, anati, "Ada Jere, inu katswiri, tisankhireni mtengo wotambasulira thanga."

Ndikanatani, anthu akundiyang'ana? Nsungwi yopepuka ndinaikankha ndi phazi, n'kuloza bulugamu wauwisi, wonenepa ngati wa khola la ng'ombe.

Anauimika m'kabwato, Che Saidi n'kukwera. Mphepo itangowomba, mbwenu kabwato gadabu! Che Saidi anavuuka, chisoti chitapita.

"Ku Debeni mumatero, Ada?"

Mkazi wanga anangondikoka malaya.

"Tiyeni kunyumba, akatswiri, maluwa akufota."